Mwana wa mlongo wanga wagwa maphunziro awiri mu 12ª, tichite bwanji kuti chaka chisapite pachabe?

Membala wobisa dzina

Moni nonse m'gulu muno. A admin, ndiloleni ndibise dzina chifukwa mwanayo alinso pa Facebook ndipo anzake ambiri ali muno. Paja safunsa anadya phula, ndiye ndabwera.

Ndine wa ku Macanga, mbali ya Furancungo. Mwana amene ndikunenayu ndi wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 19, amaphunzira ku Ulónguè komwe amakhala kwa achibale a malemu bambo ake. Chimwalirireni alamu anga, za sukulu yake zonse zili pamutu panga monga malume. Walemba mayeso a 12ª, kalasi yomaliza ya sekondale kuno ku Mozambique, gulu B la masamu ndi sayansi. Pauta, pepala la zotsatira za mayeso, itatuluka, zina zonse wakhoza, ngakhale Física imene ankaiopa, koma Matemática ali ndi 8, Química 7, pamene kukhoza kumayambira pa 10.

Ine sukulu ndinalekezera 7ª, nthawi imene 7ª inali idakali ya pulayimale, ndiye aliyense akundiuza zake ndipo ndikungovomera. Wina akuti adikire segunda época, mayeso a ulendo wachiwiri. Wina akuti zimenezo n'zakale. Wina akuti abwereze kalasi yonse. Mayi ake akuti basi, abwere kumudzi, manja akufunika kumunda, komanso pali mnyamata wogula soya amene wayamba kale kutuma anthu kudzafunsira mbeta.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Munthu wina amene akuti amadziwana ndi akuluakulu wandiimbira foni kuti ndimutumizire ndalama pa M-Pesa, iye akonza manambala awiriwo ndipo satifiketi ituluka bwinobwino. Ndalama yake ndi imene ndinasungira feteleza wobereketsa. Ndiuzeni zoona abale anga, njira yoongoka ilipo? Angalembe maphunziro awiri okhawo, kapena zonse zimene anakhoza zafa?

Mphunzitsi wa ku Tsangano

Amalume, choyamba foni ya munthu uyo musaiyankhenso. Ndibwerera kwa iye, koma ndiyambe ndi funso lanu.

Anthu akukusokonezani chifukwa akusakaniza zinthu zosiyana. Segunda época imene akuluakulu ambiri amaikumbukira inali ya wophunzira amene wagwa ulendo woyamba, ankalembanso pasanapite nthawi yaitali. Segunda chamada ndi ina, imeneyo ndi ya amene sanafike m'chipinda cha mayeso pa chifukwa chomveka, monga matenda kapena maliro, ndipo amaonetsa pepala. Mwana wanu analemba, ndiye imeneyo si yake. Unduna wa zamaphunziro ndi umene umalengeza za mayeso a chaka chilichonse, choncho musayendere zimene zinachitika nthawi ya achimwene a uje. Pitani ku secretaria, ofesi ya sukulu imene analembera, mufunse zimene zalengezedwa chaka chino kwa amene atsala ndi maphunziro ochepa. Akakuyankhani mwachidule, pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma, SDEJT, ili m'boma lililonse.

Khomo limene ndaona ana ambiri a 12ª akudutsirapo ndi kulemba ngati externo. Salowa m'kalasi, amangolembetsa phunziro limene linamugwetsa n'kudzalemba. Zimene anakhoza zili m'mabuku a sukulu, sizifufutika. Akonzeretu chiphaso chake cha BI chosatha ntchito, kalata yopempha (requerimento), ndi pepala la manotsi (malikisi) ake lochokera ku secretaria. Chilichonse chimene mwalipira, tengani recibo ndipo muisunge inuyo.

Palinso kupempha kuti pepala lake lionedwenso. Nthawi yake imakhala yochepa kwambiri pauta ikangotuluka, ndipo kunena mosabisa, zimathandiza mwana amene watsala pang'ono kufika pa 10. Kuchoka pa 7 kufika pa 10 ndi mtunda, sindingakulimbikitseni kutayirapo ndalama.

Tsono za munthu wanu uja. Manotsi a mayeso sakhala pa pepala limodzi lomata pakhoma. Amalembedwa m'mabuku, anthu angapo amasainira. Satifiketi yogula imaoneka bwino m'manja, koma tsiku limene akafunsire malo n'kukatsimikiza ku sukulu, amene adzachite manyazi ndi mwanayo, wokonzayo atasintha kale nambala.

Mayi wa ku Dómuè

Aphunzitsi anena zoona. Ife zinatichitikira, tinagulitsa mbuzi n'kutumiza. Mpaka lero foni yake imangoti palibe. Komanso amalume, chenjerani, anthu oterewa akaona kuti kwa inu sizikutheka amapita kwa mtsikanayo, ndipo kwa iye sapempha ndalama. Mwandimva. Mufunseni ngati sanamuimbire kale.

Wa njinga yamoto ku Moatize

Kkkkk koma anthu inu. Ine 12ª ndinamaliza bwinobwino, satifiketi ili m'chikwama pansi pa bedi, ndikunyamula anthu pa njinga kuyambira m'mawa mpaka usiku. Pa siteji pathu theka la anyamata tili nayo. Musiyeni mwana akwatiwe ndi wa soyayo, mwina ndi amene ali ndi tsogolo kuposa ife.

Namwino, Tete

Achimwene a njinga, mavuto a ntchito tonse tikuwaona, sindikutsutsani. Koma inu tsiku limene kwatuluka mpikisano wa ntchito kapena mayeso olowera ku koleji, mumatulutsa pepala lanu pansi pa bedipo n'kukayesa mwayi. Iyeyu sangayese n'komwe. Mtsikana wa gulu B amene wakhoza Biologia ndi Física ali ndi makomo ambiri, za umoyo, uphunzitsi, ngakhale za ulimi ku UniZambeze komweko ku Ulónguè, koma onsewo amafuna 12ª yathunthu. Zaka 12 za sukulu azitaye chifukwa cha maphunziro awiri?

Wa njinga yamoto ku Moatize

Ndimangocheza asisi, musandidye. Koma ndalama ya feteleza asatumize, pamenepo ndiye ndikunenetsa.

Ndinalembapo ngati externo

Ine ndi mmodzi wa anthu amene anadutsa njira imeneyi, ndiye ndinene zimene aphunzitsi sananene. Inenso inandigwetsa ndi Matemática. Nthawi yathu kunali mayeso a extraordinário mwezi wa Ogasiti, ndinalemba phunziro limodzi lomwelo n'kutenga satifiketi chaka chomwecho.

Kulembetsa n'kosavuta. Chovuta ndi miyezi ya pakatiyo. Ukakhala externo palibe belu, palibe mphunzitsi wokufunsa ntchito ya kunyumba, palibe mnzako wokudzutsa. Ukapita kumudzi umati ndiwerenga madzulo, koma madzulo ukuchokera kumunda msana ukuwawa, magetsi palibe. Nthawi yokolola ikafika, kope silitsegulidwanso. Anzanga amene tinagwa limodzi n'kubwerera kumudzi, ambiri sanalembe n'komwe. Sikuti anagwanso ayi, anangomva mochedwa kuti kulembetsa kunatsekedwa, chifukwa chidziwitso amamata pa sukulu, ndipo kumudzi chimafika ndi munthu wodutsa.

Ndiye ngati n'kotheka asachoke pafupi ndi sukulu. Mupezereni explicador, mphunzitsi wapadera, wa Matemática ndi Química, koma osati wongokopetsa manotsi. Akhale wogwiritsa ntchito mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, mwana azisova yekha, iye azikonza. Mafunso a 12ª amabwera mofananafanana, malimiti, maderivada, mafunção, ukasova mapepala ambiri umayamba kuwazindikira. Ndipo 8 si munthu wosadziwa kanthu, ndi munthu amene mitu ingapo inamudutsa.

China, anthu adzamunena. Ine ndinkachita manyazi kudutsa pamsika nditanyamula kope pamene anzanga anapita ku yunivesite. Zimenezo mumuuziretu.

Mnzanu wa ku Dedza

Bwanji osangomubweretsa kuno adzalembe MSCE, mayeso omaliza a sekondale kuno ku Malawi? Ulónguè ndi pafupi, angodutsa pa Calómuè. Kuno ma external amalemba chaka chilichonse kudzera ku MANEB.

Mphunzitsi wa ku Tsangano

Achimwene a ku Dedza, mtima wanu ndi wabwino, koma mwanayu waphunzira m'Chipwitikizi kuyambira ali wamng'ono. MSCE ndi ya m'Chingerezi, ndipo kwanuko ukagwa Chingerezi satifiketi palibe. Akasiye maphunziro awiri kuno n'kukayamba onse m'chilankhulo china? Akabwera nayonso kuno ayenera kuyendera za equivalência kuti ivomerezedwe. Ayi, amalize za kuno.

Agogo a ana anayi, Chifunde

Ine ndilankhule za ukwatizo, chifukwa nonse mwazilumpha. Lamulo la 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Uyu ali ndi 19, ndiye palibe mfumu kapena wapolisi amene adzabwere kudzaletsa. Woletsa ndi inuyo amalume, mwini mbumba. Ndipo musakalimbane ndi mlongo wanu ngati mdani. Mayi wamasiye akamati mwana abwere, si kuti amadana ndi sukulu, watopa, ndipo akuopa kuti mwana akakhala m'tauni wopanda kalasi adzabwera ndi mimba. Mantha amenewo ndi oona, muwayankhe. Muuzeni kumene mwana azikagona, amene azimuyang'anira, ndi mwezi umene zonsezi zithere. Wa soyayo ngati ali wofunadi, adikira.

Koma ndafunsa, mwanayo mwamufunsa? Ndawerenga zonse, ndamva za mayi ake, za achibale, za wakuba uja, koma mawu a mwini wake sindinawamve.

Membala wina

Abwereze kalasi yonse basi, usiku ngati masana malo palibe. Externo ndi njuga.

Ndinalembapo ngati externo

Kubwereza kuli ndi ubwino wake, amakhala ndi mphunzitsi komanso manotsi a m'kati mwa chaka amamuthandiza, pamene externo amadalira tsiku limodzi la mayeso. Koma mtsikana kuyenda usiku kuchokera ku sukulu, ndiponso malo a obwereza sapezeka mwachisawawa. Akafunse zonse ziwiri ku secretaria, kuphatikizapo maphunziro a patali a PESD ngati alipo pafupi, asankhe ataona.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, ndawerenga mpaka usiku. Agogo a ku Chifunde, mwandilasa. Ndamuimbira m'mawa uno. Poyamba amangolira, kenako walankhula. Ukwati sakuufuna. Akuti Química anakhala nthawi yaitali opanda mphunzitsi ndipo mitu yomaliza anaithamangira, koma Matemática akuvomera yekha kuti ankaithawa. Akufuna kulemba ziwirizo.

Mayi a ku Dómuè, munalota. Munthu uja anamulembera kale mauthenga, mwana amaopa kundiuza. Ndamuuza asafufute chilichonse. Nambala ndaitseka, feteleza ndagula.

Vuto latsopano ndi lakuti achibale a ku Ulónguè akuti anagwirizana nane mpaka 12ª, chaka china sangakwanitse pokhapokha ndizitumiza chimanga ndi ndalama ya ndiwo. Chimanga ndingathe ndikakolola. Koma ndifunse aphunzitsi, kodi angalembetse ngati externo kuno ku Furancungo, azikhala kwa ine, kapena ayenera kulembera komwe anagwera?

Mphunzitsi wa ku Tsangano

Funso limenelo kalifunseni ku SDEJT ya Macanga musanamusamutse, mutanyamula pepala la manotsi ake, chifukwa satifiketi idzafuna kuphatikiza zimene anakhoza ku Ulónguè ndi ziwiri zatsopanozi. Ine ndikanakonda alembere komwe mabuku ake ali, mapepala sasochera. Ngati azikhala kwa inu, pezani mnzake mmodzi wa ku Ulónguè woti azikayang'ana pa bolodi la sukulu sabata iliyonse n'kumujambulira pa WhatsApp. Mauthenga a munthu uja asungeni, mukafuna kukadandaula ku ofesi yolimbana ndi ziphuphu ku Tete adzawafuna.

Namwino, Tete

Amalume, ndili ndi mabuku a Química a 11ª ndi 12ª a mng'ono wanga, angokhala m'katoni. Ndilembereni ku inbox, ndiwapatsira wa chapa ya ku Angónia Loweruka.