Mipando ya mu ofesi: tikonze yakale, tigule yatsopano, kapena tibwereke?

Mayi wa mu Ofesi:

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndine amene ndimayang'anira katundu kuntchito kwathu, ndipo kumapeto kwa chaka tikusamukira m'nyumba yocheperako. Kuyambira 2020 anthu ambiri amagwirira ntchito kunyumba masiku ena, moti pali madesiki amene amangotola fumbi sabata yathunthu. Mabwana anena kuti kumene tikupitako tikayambe ndi mipando yatsopano yokhayokha, ya makampani amene amati katundu wawo ndi wosamala chilengedwe.

Ine mtima ukukana. Mipando yomwe tili nayo yambiri ndi yolimba. Ina imangotsika yokha munthu akakhalapo, ina nsalu inaperepeseka kutsogolo kumene miyendo imakhula, ina inathothoka tayala limodzi. Basi, mavuto ake ndi amenewo. Kodi kutaya mpando wotere n'kugula wina ndiye kusamala chilengedweko?

Chimene ndikufuna kudziwa kwenikweni ndi kumene nkhaniyi ikulowera. Zaka zisanu kapena khumi zikubwerazi maofesi azidzapeza bwanji mipando? Ndikufuna ndikakhale pansi ndi mabwana ndili ndi mfundo m'manja. Amene mumakonza mipando, kapena amene mumagulira makampani katundu, ndiuzeniko.

Mmisiri wa Mipando:

Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo musaope kukalankhula. Ntchito yanga ndi yokonza mipando yomweyi, ndiye ndiyambe ndi matenda atatu mwatchulawo.

Mpando wotsika wokha, vuto ndi silinda imene ili pakati pa phazi ndi pokhala. M'kati mwake muli mpweya wa nitrogen wopanikizidwa, ndipo tilabala totsekera tikatha, siigwiranso. Silindayo siimangidwa ndi bawuti ngakhale limodzi. Imangolowa mothina kumwamba ndi kumunsi, kulemera kwa munthu ndi kumene kumaigwiritsa. Timatembenuza mpando, kuumenya ndi hamala pang'ono, silinda n'kutuluka, ina n'kulowa. Zambiri ndi za muyeso umodzi, mamilimita 50 m'mimba mwake, choncho kupeza ina sikuvuta. Matayala ndiye osanena, mumangozula ndi dzanja n'kukankhiramo lina. Kamtengo kake kolowera nthawi zambiri ndi ka mamilimita 11. Pokhala paja pamagwidwa ndi mabawuti anayi chakunsi. Mukamasula, nsalu ndi siponji zimachoka, zatsopano n'kulowa.

Tsono taganizirani zimene zatsala osakhudzidwa: phazi la miyendo isanu lija, makina opendeketsera msana, chitsulo chonse chogwira mpando. Mphamvu zambiri za kufakitale zinathera pamenepo. Anthu amakonda kunena kuti kusungunulanso aluminiyamu wakale kumangodya pafupifupi 5 peresenti ya magetsi amene amafunika popanga watsopano, ndipo n'zoona. Koma phazi la aluminiyamu limene likadali pa mpando wake silifuna ng'anjo ngakhale pang'ono. Ndiye kwa ine kukonza kumabwera patsogolo, kusungunula n'kwa zinthu zimene zafikadi pothera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mipando yotayidwa siisungunulidwanso n'komwe. Ku America bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linawerengetsa kuti mu 2018 anthu anataya mipando, matebulo, makabati ndi zina zotero zolemera matani 12.1 miliyoni, pamene mu 1960 anali matani 2.2 miliyoni okha. Pa katundu yenseyo, pafupifupi 80 peresenti anakakwiriridwa kumtaya, ndipo wambiri mwa wotsalayo anawotchedwa. Chifukwa chake ndi chodziwika kwa aliyense amene anayesapo kuphwasula mpando wotchipa: siponji anaimata ku pulasitiki, pulasitiki anamuumbira pa chitsulo, nsalu anaipanikiza ndi guluu. Palibe amene angalekanitse zimenezo, ndiye zonse zimapitira limodzi kudzala.

Mwafunsa za kutsogolo. Ine ndikuona kuti mpando wa m'tsogolo ndi womasuka ndi sipanala. Zinayamba kale. Kampani ya Herman Miller inatulutsa mpando wa Mirra mu 2003, ya Steelcase inatulutsa wa Think mu 2004, ndipo yonse iwiri anaipanga dala kuti munthu aziiphwasula ndi zida wamba, chitsulo pachokha, pulasitiki payekha. Mpando wa Aeron wa Herman Miller unatuluka mu 1994, koma mpaka lero ena a zaka zoyambirira zija akugwirabe ntchito, chifukwa zipangizo zosinthira zimapezeka. N'chifukwa chakenso mipando yotere imagulitsika bwino ikakhala yakale. Wogula amadziwa kuti chikathyoka chimodzi sataya chonse.

Ndiye wogulitsa aliyense akabwera ndi kabuku kake kokongola, mupempheni mpando umodzi muutembenuze chadodolido. Mukaona mitu ya mabawuti, umenewo ndi mpando. Mukaona zonse zili zomata, zosalala bwino koma popanda pogwira sipanala, kumbukirani kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Wogula Katundu:

Ndiwonjezereko mbali ya malamulo, chifukwa mabwana ambiri amamva msanga akadziwa kuti si nkhani ya chifundo chabe.

Ku France kuyambira 2013 opanga ndi ogulitsa mipando amalipira ndalama yothandizira kutolera ndi kusamalira mipando ikatha ntchito. Pa mipando ya m'maofesi, bungwe limene limayendetsa zimenezi ndi Valdelia. Mu 2020 dziko lomwelo linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi kuwononga zinthu, lotchedwa AGEC, ndipo pansi pa lamuloli maofesi aboma anauzidwa kuti gawo lina la mipando yomwe amagula, 20 peresenti poyambira, lizikhala la katundu wogwiritsidwapo kale ntchito kapena wopangidwa ndi zinthu zobwezerezedwa. Boma likayamba kugula zakale, msika wake umakula, amisiri amachuluka, ndipo zakalezo zimayamba kubwera ndi chitsimikizo cholembedwa.

Chachikulu koposa ndi lamulo la European Union lotchedwa ESPR, limene linayamba kugwira ntchito mu July 2024. Likufuna kuti katundu azikhala wolimba, wokonzeka akawonongeka, ndipo azikhala ndi chiphaso cha pa intaneti. Mumangojambula kachizindikiro ndi foni, n'kuona kuti chinthucho chinapangidwa ndi chiyani ndipo chimamasuka bwanji. Mipando ili m'gulu la katundu amene anasankhidwa mu 2025 kuti malamulo ake akonzedwe koyambirira. Ngakhale amene sitili ku Ulaya zidzatikhudza, chifukwa fakitale yogulitsa m'mayiko ambiri siikonda kupanga mitundu iwiri ya mpando umodzi.

Za kubwereka, zilipo ndipo zikukula. Kampani ya ku Netherlands ya Ahrend ndi imodzi mwa amene amachita zimenezi: mumalipira mwezi ndi mwezi, mipando imakhalabe yawo, ikawonongeka amakonza okha, mukachepetsa antchito amadzatenga yotsalayo. Ubwino wake ndi wakuti mwini wake amakhala ndi chifukwa chopangira chinthu cholimba. Koma werengani mgwirizano mofatsa. Funsani kuti mpando ukabwezedwa umapita kuti, ndipo yankho lake lilembedwe. Wina akhoza kukubwereketsani zaka zitatu kenako n'kukataya ndithu.

Wa Zaumoyo Pantchito:

Ndikugwirizana nanu, koma ndisabise, si chakale chilichonse chimene ndingalole kuti munthu akhalepo maola asanu ndi atatu pa tsiku.

Siponji yakale kwambiri ndimaikayikira. Zaka zam'mbuyomu opanga ena ankathiramo mankhwala oletsa moto, ndipo ena mwa iwo, monga pentaBDE, analowetsedwa mu 2009 pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa Pangano la Stockholm, chifukwa sawola ndipo amaunjikana m'thupi. Siponji ikayamba kuyoyoka ngati ufa wachikasu pansi pa mpando, musangokutirapo nsalu yatsopano. Ichotsedwe yonse.

Mpando wosakwezeka, wopanda chochirikiza msana, ngakhale utakhala wolimba motani, ukhale wa alendo kapena wa m'chipinda cha misonkhano. Munthu wolemba pa kompyuta tsiku lonse apatsidwe umene ungasinthidwe molingana ndi thupi lake.

Pa matebulo nkhani imatembenuka. Matabwa a utuchi womata, chipboard ndi MDF, ambiri amamatidwa ndi guluu wotulutsa formaldehyde, mpweya umene bungwe lofufuza za khansa la IARC linauika mu 2004 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Amatulutsa kwambiri akadali atsopano, fungo lija limamveka mukangotsegula makatoni. Tebulo limene lakhala zaka zingapo linatulutsa kale wambiri. Apa chakale chimaposa chatsopano.

Mawu akuti "wosamala chilengedwe" paokha alibe kanthu. Ngati akuti matabwa ake ndi ochokera m'nkhalango zosamalidwa, akuonetseni chizindikiro cha FSC kapena PEFC ndi nambala yake. Ngati akuti muli pulasitiki wotoledwa, afunseni kuti ndi wochuluka bwanji. Ena amanena poyera: a kampani ya Emeco anati mpando wawo wa 111 Navy wa mu 2010 unkapangidwa ndi mabotolo apulasitiki 111, ndipo Herman Miller mu 2021 anati Aeron amakhala ndi pulasitiki wotoledwa m'mbali mwa nyanja wosapitirira kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Amenewo mukhoza kuwayeza. Wokana kutchula nambala ndi amene ndimamukayikira.

Nkhawa yanga ina ndi yakuti malamulo akathina kumayiko olemera, zinyalala zawo zingayambe kutumizidwa kwina zitalembedwa kuti ndi katundu wogwiritsanso ntchito. Pogula zakale, gulani zimene mwaziona ndi maso ndi kuzikhalira.

Mayi wa mu Ofesi:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Za siponji ija ndakaona pansi pa mipando ingapo, ufa wachikasuwo ulipodi. A Mmisiri, nanga madesiki? Athu ndi akuluakulu aja okhota ngati L, ndipo sangakwane kumene tikupita. Amenewanso pali chochita?

Mmisiri wa Mipando:

Chilipo, mayi, ndipo masiku ano ndi ntchito imene ikuchuluka. Madesiki okhotawo anapangidwa nthawi ya makompyuta a chimutu chachikulu, pamene pakona paja pankafunika kuya. Lero sikirini ndi yopyapyala, ena angokhala ndi laputopu, malo onsewo safunikanso. Timadula thabwa la pamwamba kuti likhale lowongoka, mwina masentimita 120 kapena 140 m'litali, kenako timamata kalamba katsopano m'mphepete mmene macheka adutsa. Kalambako musakanyoze. Chipboard ikasiyidwa poyera imamwa chinyezi n'kufufuma, ndiponso mpweya uja wanenedwa pamwambapa umatulukira pomwepo.

Yambani mwayang'ana miyendo. Ngati ndi yachitsulo, mwapeza chuma, chifukwa dzimbiri limapalidwa, penti n'kupakidwanso, ndipo thabwa likatha mumangoikapo lina. Miyendo ina mtanda wake wapakati umafupika wokha mukamasula mabawuti awiri. Ngati desiki lonse ndi la chipboard, mbali ndi mbali, ndinene zoona, kawirikawiri silipirira kusamuka kawiri. Sikuruwu ikazuka mu utuchi womata siigwiranso pamalo omwewo. Otere timatengako matabwa abwino n'kupanga mashelefu kapena zotchingira pakati pa madesiki.

Musanakumane ndi mabwana, yendani ofesi yonse ndi kope. Mpando uliwonse ndi desiki lililonse muike nambala, mulembe dzina la kampani ngati lili pa kapepala ka kunsi, ndi vuto lake. Mudzaona nokha kuti zofunikadi kugula ndi zochepa, ndipo pa zochepazo ndi pamene mungalimbikire kugula zabwino, za mabawuti, zokhala ndi chitsimikizo cha zaka zambiri. Makampani ena akuluakulu amapereka mpaka zaka 12. Zotsala zimene simukazifuna, funani sukulu kapena bungwe loti lizilandire tsiku losamuka lisanayandikire, chifukwa katundu wabwino wambiri amatayidwa pa sabata yomaliza, mwini nyumba akufuna makiyi ake.

Chinanso chimene chimathandiza: sankhani mpando umodzi mwa oipitsitsa, mukonzetse wonse, silinda, matayala, siponji ndi nsalu ya mtundu umene mabwanawo akufuna ku ofesi yatsopano. Tsiku la msonkhano muuike pamalo pa bwana wamkulu, akhalepo kaye, kenako muwauze zaka zake.