Mazinga a mkono wa pedulo atha, ndiuchotse bwanji?

Wapanjinga: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Dzulo ndimafuna kuchotsa mkono wa pedulo wa kumanzere kuti ndisinthe mabeyaringi. Nditamasula bawuti ndinalowetsa crank puller, chida chozulira mkono chimene chimamangidwa m'mazinga a bowo la mkonowo, koma nditangoyamba kukungitsa, chidacho chinasolotoka chitakoledwa tizingwe ta aluminiyamu, ndipo m'bowomo mwatsala mosalala. Mkonowo ukadali nganganga pa ekiselo ya ngodya zinayi. Kodi ndichite chiyani?

Mmisiri Wakale: Pepani, bambo. Choyamba suzumirani m'bowomo, chifukwa kawirikawiri vutoli limabwera munthu akaiwala washala m'kati: chida chimakankha washalayo m'malo mokankha ekiselo, ndiye mphamvu yonse imathera pa mazinga. Nthawi zina n'chifukwa cholowetsa chidacho pang'ono chabe kapena mopendama. Mazinga amenewa ndi ang'onoang'ono, otalikirana 1 mm m'bowo la 22 mm m'mimba mwake, ndipo aluminiyamu sangalimbane ndi chitsulo.

Bwezerani bawuti, muimange kenako muimasuleko poizunguza kawiri kapena katatu, ndipo mupalase pang'onopang'ono pamalo opanda magalimoto mukuponda mwamphamvu mbali imeneyo. Mukangomva mkono ukugwedera, tsikani pomwepo. Bawutiyo musaichotseretu, kuopa kuti mkono ungagwe mwendo uli pamwamba pake.

Wokonza Injini: Njira imeneyo imagwira ntchito, koma dziwani kuti imakuza bowo la ngodya zinayi la mkono lolowamo ekiselo, moti mkonowo sudzamangikanso bwino ngakhale mutakungitsa chotani. Ine ndimakonda gear puller ya mano awiri kapena atatu, yokola kuseri kwa mkono n'kumakankha pa ekiselo. Kuthira madzi owira pa mkonowo kumathandizako, poti aluminiyamu amafutukuka kwambiri kuposa chitsulo. Zikakanika zonse, chekani mkonowo ndi sowo pafupi ndi ekiselo, musanaikhudze, n'kuung'amba ndi tchizulo.

Wapanjinga: Washala ndampezadi, ataphwatalala m'katimo. Nanga mazingawo angakonzeke?

Mmisiri Wakale: Angadulidwe ena okulirapo, koma pamafunika zida zapadera, ndipo kwa mkono wa kumanzere ine sindingavutike nazo, ndi bwino kugula wina wofanana kutalika, monga 170 mm, nambala imene imalembedwa kuseri kwake. Oyenera kukonza ndi mazinga olowamo pedulo, amene amaikidwa kachitsulo katsopano m'kati. Pamenepo kumbukirani kuti pedulo wa kumanzere amamangidwa mopotozera kumanzere.