Ndani amavomereza digiri yatsopano pa yunivesite ya boma?

Funso: Akuluakulu, dipatimenti ikafuna kuyambitsa digiri yatsopano, chilolezo chimachokera ku Council (bungwe lalikulu loyendetsa yunivesite) kapena ku Senate (bungwe la yunivesite loona za maphunziro)?

Yankho 1: Nkhani imayambira ku dipatimenti, n'kupita ku bodi ya faculty (gulu la madipatimenti a maphunziro ofanana), kenako ku Senate. Senate ndiyo imaunika silabasi, mayeso ndi zoyenereza ophunzira kuti atengedwe. Council imayang'ana za ndalama ndi kulemba ntchito aphunzitsi.

Yankho 2: Musaiwale bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba. Vuto lalikulu n'kutenga ophunzira bungwelo lisanavomereze. Zimapweteka kwambiri mwana kuvutika zaka 4, pofuna ntchito mapepala ake n'kukanidwa.

Yankho 3: Chinanso, Senate imatha kuvomera koma Council osapeza ndalama zomangira labu. Perekani bajeti limodzi ndi silabasi, osati pambuyo pake.