Khunyu ndi kuiwalaiwala, kodi ndi ine ndekha?

Mtimawanga:
Moni nonse. Ndakhala ndi matenda a khunyu kuyambira ndili mtsikana, mankhwala ndimamwa osadumphitsa ndipo kugwa kunachepa kwambiri koma chikundisowetsa mtendere pano ndi kuiwala. Dzina la munthu ndikulidziwa bwinobwino koma osatuluka pakamwa, nkhani yomwe tinacheza sabata yatha abale akaikumbutsa ine ndimangoti kakasi. Adokotala anandiyeza, kundiwerengera mawu kuti ndibwereze, patapita kanthawi nkundifunsanso, mapeto ake akuti zonse zili bwino. Ndiye kuti ndikungodzinamiza? Ndikuopa kuti nzeru zikutha.

Dzuwa88:
Simukudzinamiza ayi achemwali. Mayeso ambiri amenewa amakufunsaninso pakangodutsa mphindi ngati 30 basi, pomwe anthu ena a khunyu makamaka amene vuto lawo limayambira mbali ya ubongo yotchedwa temporal lobe amagwira zinthu bwinobwino tsiku lomwelo, kenako zimafufutika pakapita masiku kapena masabata. Mbali imeneyo ndi kumene kuli hippocampus, kachiwalo kamene kamathandiza kusunga zatsopano. Kuiwala kotereku madokotala amati accelerated long-term forgetting. Ndiye mutha kukhoza mayeso onse vuto lilipo ndithu. Mukapitanso musangoti ndimaiwala, auzeni kuti zadzulo ndimakumbuka koma zasabata yatha zimasowa, zimenezo zimawathandiza kudziwa poyambira.

MayiWaAwiri:
Zoona zimenezo koma ine ndiwonjezere mbali ina imene anthu sitikonda kuimva. Ofufuza akhala akupeza kuti mmene munthu wa khunyu amadandaulira za kuiwala zimayendera limodzi kwambiri ndi nkhawa komanso matenda okhumudwa, kuposa zimene mayeso awonetsa. Ine dokotala atandiuza izi zinandiwawa, ndinamva ngati akuti ndikupeka. Koma taganizani, tsiku lonse mtima uli mmwamba kuti kaya ndigwa pagulu kaya ndigwa ndili ndekha, munthu akukuyankhula iwe maganizo ali kwina, ndiye ukumbuka bwanji zomwe sizinalowe nkomwe? Komanso ukakhumudwa kuiwala kulikonse umakuwerengera, pomwe amene alibe khunyu naye amaiwala makiyi osadandaula. Nditayamba kulandira thandizo pa nkhawazo mutu unapepukako. Sikuti zonse zinatha ayi.
Palinso ena ndi zosemphana, iwo amati ndili bwinobwino koma apabanja ndi amene akuona kuti munthuyu akufunsa chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza. Nchifukwa chake ndi bwino kupita ndi munthu amene mumakhala naye.

Kalikonse:
Mukumwa mankhwala anji asisi? Funso limeneli ndi lofunika. Phenobarbital amagonetsa ndipo amapangitsa kuganiza mochedwa, topiramate ndiye amadziwika ndi zimene mwanenazo zosowa mawu, ndipo ukamamwa mitundu ingapo nthawi imodzi kapena dozi yayikulu zimawonjezeka. Ena ngati lamotrigine nthawi zambiri savutitsa mutu chonchi koma sikuti amayanja aliyense. Chonde chonde musasiye kapena kuchepetsa panokha, kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka kosalekeza ndipo nkoopsa. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu ndipo mpaka 70 pa 100 alionse atha kukhala osagwa akalandira mankhwala oyenera, ndiye kupempha kuti dozi iwunikidwenso si kuvuta ayi, ndi mbali ya chithandizocho.

Mtimawanga:
Zikomo nonse, misozi yalengeza powerenga. Ndikumwa carbamazepine yekha. Za nkhawazo sindingakane, ndipo tulo ndimagona pang'ono kwambiri.

Dzuwa88:
Tuloto mukanenenso, ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali mtulo komanso kusagona kumayambitsa kugwa. Muzilemba mufoni tsiku limene mwaiwala kwambiri, mmene munagonera, ndiponso ngati munadzuka mutaluma lilime kapena thupi likuphwanya, chifukwa ena amagwidwa usiku osadziwa. Mukawaonetse adokotala zimenezo.