Bambo ake akuti timugulire mnyamata mowa, ine ndikuganiza za makondomu a mtsikana. Ndithandizeni

Nabanda wa ku 25

Moni nonse abale. Ndakhala masiku atatu ndikulemba n'kufufuta, koma tchuthi chatha, ana anyamuka Lamlungu likubwerali, ndiye ndingolankhula.

Ndimakhala ku Area 25, ndimagulitsa kaunjika ku Tsoka. Ana anga awiri ali ku koleji. Wachisamba ndi mnyamata wa zaka 21, ali chaka chachitatu. Mlongo wake ali ndi zaka 19, ali ku Bunda, wangomaliza kumene semesita yoyamba.

Lachisanu lapitalo, cha m'ma 2 koloko usiku, tinamva kugogoda pageti. Bambo ake atatsegula anapeza wakabaza wa njinga yamoto, kumbuyo kuli mwana wathu wamwamuna uja, mnzake atamukumbatira kuti asagwe. Akuti amachokera kumabala a ku Bwandilo. Nsapato inali kuphazi limodzi, foni palibe, malaya onse masanzi. Ndinamupukuta kumaso ndi kansalu konyowa ngati khanda, iye osadziwa n'komwe kuti wafika kwawo. Sindinagone, ndinkangodzuka kukamvetsera ngati akupuma.

Kutacha bambo ake sanakalipe. Anangoti, "Anabanda, mwanayu anayamba kale kumwa, kumuletsa n'kudzivuta chabe. Bola ndizimugulira ma Green awiri Loweruka, azimwera pakhonde pano ine ndikumuona, aphunzire polekezera. Kusiyana n'kuti azikamwa midoli kumdima." Ine ndinakanitsitsa. Iwowo amamwa, koma amamwera konko. Chikwatiwire, m'nyumba mwanga simunalowepo botolo la mowa.

Lolemba ndikuchapa, ndinatenga chikwama cha mtsikana kuti ndichitsukenso. M'kathumba ka mkati munali kapaketi ka mapiritsi aja amamwa munthu akagonana mosadziteteza, kopanda kanthu. Ndinangokhala pansi pafupi ndi beseni, manja ali thovu lokhalokha, nkhongono zitaguluka. Sindinamufunse. Ndinabwezera kapaketiko mmene kanalili, chikwamacho osachichapanso.

Usiku ndinauza bambo ake kuti mwina timuikire makondomu m'katundu wake, pamodzi ndi sopo ndi shuga, osanena kanthu. Zimene ndinaonazo sindinawauze. Anadzuka n'kukhala tsonga pabedi. "Mukufuna mumuuze mwana kuti pita ukayambe uhule?" Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndi omwewo akufuna kugulira mnyamata mowa.

Ine ndinakulira ku Dowa. Nditatha msinkhu anandilanga ndi anamkungwi ndi azakhali anga, mayi anga sanatchulepo za kuchipinda pamaso panga mpaka kumwalira kwawo. Mwana wangayu analangidwa ndi amayi a Chigwirizano kutchalitchi ali ndi zaka 13, anamuuza za kudzisunga, ndipo anachita bwino. Koma pano wakula, ndipo kapaketi kaja ndakaona ndi maso angawa. Fizi yake ndimaipeza poima padzuwa ndi mabelo a kaunjika. Atabwera ndi mimba kapena matenda, mtima wanga sungapirire.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi kholo lingapatse mwana wake makondomu, kapena kumuperekeza kukatenga njira yolera, osaoneka ngati likumutuma? Nanga za mowazi, alipo anayesapo kumwetsa mwana pakhomo n'kuona kuti zathandiza? Mutu wanga waima.

Gogo Phiri, Kawale

Mayi Nabanda, pepani ndi mavutowa. Mwachita bwino kufunsa, mutu umodzi susenza denga.

Za mowa ndiyankha ngati munthu amene anaumwa zaka 17. Amene anandiyambitsa sanali anzanga a kusukulu ayi. Anali malume anga enieni, kwathu ku Nathenje. Anandipatsa chipanda cha masese nati, "Lawa, wakula tsopano, bola uzimwera pamaso pathu." Mawu omwewo akunena amuna anuwo. Kuchoka pa masese ndinapita pa Chibuku, kenako kachasu, ndipo ntchito yanga ya udalaivala inathera momwemo, ana anga akugona ndi njala. Mwana akalandira botolo kuchokera m'manja mwa bambo ake, zoti "polekezera" sazimva. Chimene amamva n'chakuti bambo avomera. Awiri a pakhondewo adzakhala otsegulira kukhosi, akatha apita ku Bwandilo komweko. Lamulo limalola munthu wa zaka 18 kugula mowa, ndiye mwana wanuyo omugulitsa ndi omugulira ali nawo kale ambirimbiri, bambo ake asawonjezerepo. Kumbukiraninso za 2024 ku Blantyre, anthu atafa ndi mowa uja ankautcha "ambuye ntengeni". Munthu amafika pa mowa wotere thupi litazolowera, m'thumba mutauma.

Za makondomu, ine monga mkulu wa mpingo sindingakuuzeni kuti kagureni. Timaphunzitsa kudziletsa ndipo ndimakhulupirira zimenezo. Koma sindingakunamizeninso. Zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanabwere mu 2004, ndinaika m'manda ana atatu a mlongo wanga, onse ophunzira bwino. Ife akuluakulu mayendedwe awo tinkawadziwa, koma tinkachita manyazi kutsegula pakamwa. Mpaka lero zimandiwawa. Ndiye musakhale chete mayi, kungoti zisachokere m'manja mwanu. Azakhali ake a mwanayo alipo? Ntchito imeneyi ndi yawo kuyambira kalekale.

Namwino_47

Mayi, ndine namwino, ndagwira zaka zambiri ku chipinda cha kulera, ndipo atsikana a msinkhu wa mwana wanu ndimawaona tsiku ndi tsiku. Khazikani mtima pansi kaye.

Kapaketi kaja kakusonyeza kuti mwanayo anaganizira sukulu yake n'kuthamanga kukadziteteza ku mimba. Pamenepo ndikumuyamikira. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti tsiku limenelo kondomu panalibe, kapena inaphulika. Mwinanso iye sanafune n'komwe, anachita kukakamizidwa, n'chifukwa chake amene akacheze naye apite mofatsa, osati ndi ukali.

Mapiritsi apangoziwo amagwira bwino akamwedwa msanga, maola 72 asanathe, ndipo satchinga HIV, chindoko kapena chinzonono. Si oti munthu aziwadalira mwezi ndi mwezi. Kachilombo kali ndi mankhwala akeake apangozi, PEP, amene amayambidwanso maola 72 asanathe n'kumwedwa masiku 28. Ngati nthawi imeneyo inadutsa, chofunika pano n'kukayezetsa magazi. Njira zolera zilipo zambiri ndipo m'zipatala za boma n'zaulere. Kuli jakisoni wa Depo wa miyezi 3, kuli Sayana Press amene mtsikana amaphunzitsidwa kudzibaya yekha, kuli za pamkono, Implanon wa zaka 3 ndi Jadelle wa zaka 5, kulinso lupu. A Banja La Mtsogolo ndi a bungwe la za kulera la FPAM nawonso amathandiza achinyamata. Zimene anthu amakamba zoti jakisoni amaumitsa mtsikana amene sanaberekepo n'zabodza. Zoona zake n'zakuti msambo umasinthasintha, ndipo ukasiya Depo pamatha kupita miyezi ingapo usanatenge pathupi. Pa zaka 19 safunika chilolezo cha kholo, asankhe yekha atafotokozeredwa bwino. Koma njira iliyonse angatenge, kondomu asaisiye, chifukwa ndi yokhayo imene imatchinga mimba ndi matenda nthawi imodzi.

Zomuikira mobisa m'chikwama sindikugwirizana nazo. Akadzawapeza adzadziwa kuti munaona kanthu koma simunamulankhule, ndipo adzayamba kubisa kwambiri.

Maganizo a amuna anu pa mowa ali ndi makolo ambiri, ngakhale kunja. Ku Australia anatsatira achinyamata oposa 1,900 kwa zaka 6, zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Amene ankapatsidwa mowa ndi makolo awo sanatetezeke. Ankamwa mopyola muyezo kuposa anzawo amene sankapatsidwa ndi aliyense, ndipo ankakaupezanso kwina. Anali ana a msinkhu wa kusekondale, aang'ono kwa wanuyo, koma zikufanana ndi zimene Agogo Phiri anena. Makondomu ndi mowa musaziike mu dengu limodzi. Kondomu imachepetsa ngozi pa chinthu chimene mwana akuchita kale, botolo la pakhonde likungowonjezera pa mowa umene akumwa kale.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti nonse awiri makondomu mukuganizira mtsikana yekha. Mnyamata amene sanadziwe kumene nsapato yake yatsala, angakumbukire kondomu usiku umenewo? Iyeyonso akayezetse. Ndipo zikadzachitikanso, mugonekeni chammbali, osati chagada, kuti masanzi asamutsamwitse. Akapanda kutsitsimuka mukumugwedeza, kapena akamapuma mwapatalipatali, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala.

Mtsikana wa chaka chomaliza

Amayi, ine ndili ndi zaka 22, ndikumaliza ku koleji ina mumzinda muno. Ndikuyankheni ngati mwana wanu.

Makondomu sitiwasowa. Kukiliniki amapereka ulere, Chishango ali m'magolosale. Ambirife tilibe munthu wamkulu woti timuimbire zikathina. Tili chaka chachiwiri, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anatenga mimba. Ankaopa mayi ake kuposa imfa. Anagula mankhwala kwa munthu wina n'kumwa yekha usiku osandiuza. Ndinadzidzimuka cha m'ma 4 koloko akubuula, nditayatsa getsi matiresi onse magazi, iye milomo itayera, akundigwira dzanja kuti "usawaimbire amama". Tinamunyamula pabulangete anthu anayi. Anachira, koma sukulu sanabwererenso. Mayi akewo atafika kuchipatala anagwada pafupi ndi bedi akulira, "Bwanji sunandiuze mwana wanga?" Ine ndinaona kuti akanamulandira. Kungoti anali asanamuuzepo kuti angamulandire.

China chimene makolo simuchiona ndi ndalama. Ya loni ikachedwa, sopo watha, bando yatha, ndiwo palibe, kunja kwa geti kumaima magalimoto a azibambo akuluakulu. Bambo wotero akakana kondomu, mtsikana amene wadya kale ndalama zake pakamwa pamalemera. Ngati adadi ali ndi ndalama ya ma Green awiri Loweruka lililonse, bola azimutumizira mtsikanayo pa Mpamba kapena Airtel Money.

Anyamata omwera kunyumba ndimawadziwa. Ndi omwewo amatsogolera gulu Lachisanu, amati "ine madala amadziwa".

Nabanda wa ku 25

Zikomo nonse, ndawerenga mobwerezabwereza. Ndikulemba Loweruka usiku, ana akulongedza.

Agogo Phiri, mawu anu a za mowa ndinawawerengera bambo ake. Atamva za malume anu aja anakhala duu nthawi yaitali, chifukwa nawonso anayambitsidwa ndi achimwene awo. Sananene kuti asintha maganizo, koma lero mowa sanagule. Anamutenga mnyamatayo kukakonza limodzi denga la khola la nkhuku, ndipo ndimawamva akulankhula motsitsa mawu mpaka dzuwa kupendeka.

Anamwino, mwanditsegula m'maso, za mnyamata sindinaganizeko ngakhale pang'ono. Ndaimbira achimwene anga a ku Lumbadzi, malume ake, abwera mawa m'mamawa mnyamatayo asananyamuke. Ndawatumizira ndalama agule Chishango, adzamupatse okha, adzamuuzenso zoyezetsa.

Za mtsikana ndinaitana alamu anga a ku Chilinde, mlongo wa bambo ake, ndinawauza zonse. Dzulo anamutenga ngati akukagula zakusukulu m'tauni, anabwerako madzulo. Anandikokera kuseri n'kunena kuti, "Alamu, tayezetsa, ali bwino. Sanakakamizidwe, ali ndi chibwenzi. Zinazo wasankha yekha, musamufunse." Bambo ake izi sakuzidziwabe, ndipo ndikulimbanabe ndi mtima kuti ndiwauze liti.

Usiku womwewo ndikuphika nsima, mwanayo analowa m'khitchini n'kundilanda mthiko. Akuvundula, osandiyang'ana, anati, "Amama, anti andiuza kuti ndinu munawatuma." Ndinati eya. Kenako ndinamuuza zimene wandiphunzitsa mwana wa chaka chomaliza uja, kuti chilichonse chikadzachitika, kaya mimba, kaya matenda, kaya ndi pakati pa usiku, woyamba kumuimbira ndikhale ine, ndipo sindidzamuthamangitsa pakhomo. Mawu ankandithawa koma ndinamaliza. Iye sanayankhe, misozi inkangogwera pachitenje, nsima mpaka inapserera kunsi.

Mawa ndimuperekeza kudepoti akakwere minibasi ya ku Mitundu, ndipo ndamuwonjezera K20,000 pa ndalama ya pamwezi. Kuchipatala anamuuza kuti adzabwerenso kudzayezetsa pakatha miyezi 3. Tsikulo ndalilemba kuseri kwa kope langa la ngongole za kaunjika, ndidzawakumbutse alamu anga.