Kodi 4,294,967,297 ndi prime?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Anzanga okonda masamu, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa Fomu 2 pa sekondale yoyendera, ndipo tili pa nambala za prime, zija zongogawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi. Mtsikana wina wabwera ndi 4,294,967,297 yolembedwa kuseri kwa kope, akuti mchimwene wake wamuuza kuti ndi prime. Tayesa ndi 3, 7, 11, 13 mpaka 97, iliyonse ikusiya chotsala. Mwanayu wachita khama, ndiye sindikufuna kungomuyankha mwachisawawa.

NaPhiri:
Aphunzitsi, si prime ayi. Tengani 641 muchulukitse ndi 6,700,417, mupeza nambala yomweyo ndendende. Ziwirizi ndi ma prime, choncho zoigawa zilipo zinayi zokha: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo mwini. Zotere amazitcha semiprime.

Koma mchimwene wakeyo musamudzudzule. Pierre de Fermat, katswiri wa masamu wa ku France, nayenso ankakhulupirira zomwezo cha m'ma 1640. Ankayang'ana 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, zomwe mukachotsa 1 pa iliyonse mumapeza 2, 4, 16, 256 ndi 65,536, iliyonse yochokera pochulukitsa yam'mbuyo ndi iyo yomwe. Zisanuzi ndi ma prime zonse. Yotsatira ndi yanuyi, 65,536 kuchulukitsa ndi 65,536 kuwonjezerapo 1. Panapita zaka zoposa 90 mpaka katswiri wina wa masamu, Leonhard Euler, anaigawa mu 1732.

Achimwene a ku Lusaka:
Ine chimene chimandikoka mtima ndi njira yake, osati yankho. Mukadati muyese ma prime onse osafika 65,536, alipo 6,542, choko chikadatha. Koma Euler anasonyeza kuti prime iliyonse yogawa nambalayi imasiya 1 mukaigawa ndi 64. Ndiye pitani motere: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Chotsani zosakhala prime, zitsala 193, 257, 449, 577 ndi 641. Yachisanuyo ndiyo ikulowa. Ana a Fomu 2 angathe zimenezi pa bolodi phunziro lisanathe, ndipo ndikupemphani muwalole aipeze okha 641 m'malo mowauza.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga zotsatira zake zimabwereranso kukhala prime?

NaPhiri:
Mpaka lero palibe amene wapeza prime ina mumndandandawu kupitirira 65,537, ngakhale makompyuta ayesa zambiri. Palibenso amene watsimikiza kuti ina kulibe. Yotsatira pa yanuyo ili ndi manambala 20, ndipo imagawika ndi 274,177.

Ngati muli ndi ana okonda za intaneti, auzeni achotse 1 pa nambala yanuyo. Apeza 4,294,967,296, chomwe ndi chiwerengero cha ma adiresi onse a IPv4, njira yopatsira zipangizo ma adiresi pa intaneti, ndipo kuchepa kwawo ndiko kunachititsa kuti pabwere njira yatsopano ya IPv6.