Kodi kudzudzula North Korea pa nkhani ya mizinga kumathandiza chani?

Wakumpanda:
Akuluakulu ndithandizeni apa. Nthawi zonse North Korea ikaponya mzinga wake kukagwera m'nyanja kufupi ndi Japan nyimbo yake imakhala imodzimodzi, America yadzudzula, Japan yadzudzula, South Korea yayitanitsa msonkhano wadzidzidzi, a UN akumana, kenako ziii mpaka Kim Jong Un aponyenso wina. Kudzudzulako phindu lake nchani kwenikweni? Chinanso, America nayo imayesa mizinga yake ya Minuteman ku California koma sindinamvepo atayiyitanira ku Security Council, bungwe la UN loona za chitetezo, chilungamo chili pati pamenepa?

AnkoloBen:
Achimwene si kudzudzula kokha ayi, zilango zilipo ndipo nzolemera. Zinayamba mu 2006 atangophulitsa bomba lawo loyamba la nyukiliya, Security Council inadutsitsa resolution 1718. Pofika 2017, chaka chomwe anaphulitsa bomba lachisanu ndi chimodzi ndikuyesanso mzinga wa Hwasong-15 woti ukhoza kufika ku America, anawaletsa kugulitsa kunja malasha, nsalu, nsomba, mafuta oyengedwa anati asapitilire migolo 500,000 pa chaka, ndi anthu awo ogwira ntchito kunja anati abwezedwe kwawo. Nthawi imeneyo China ndi Russia ankavomera nawo, musaiwale zimenezo. Zinasokonekera mu May 2022 pamene America inabweretsa zilango zina awiriwa nkukana ndi veto (mphamvu yoti dziko limodzi likakana, chigamulo sichidutsa), ndiye mu March 2024 Russia inaphanso gulu la akatswiri a UN omwe ankalondoloza amene akuzembetsa katundu. Lamulo likadalipo papepala koma wolondera anamuchotsa ntchito, ndiye mukamamva kuti akumana dziwani kuti kungoyankhulana basi, chatsopano sichingadutse.

Nachisale:
Ankolo mwafotokoza bwino koma ine ndimati olo veto pakanapanda, Kim sakanasiya. Munthu uja anaona zomwe zinamuchitikira Gaddafi, anavomera kusiya pulogalamu yake ya zida mu 2003, azungu anamuombera m'manja, 2011 NATO ikuphulitsa Libya iye nkuphedwa ngati galu. Ukraine nayo inapereka mabomba omwe inatsala nawo kuchokera ku Soviet Union atasainirana ku Budapest mu 1994, lero taonani. Ndiye mukamuuze Kim kuti pereka zida tikupatsa chimanga ndi mafuta? Sangamve. Paja Trump anayesapo, anakumana ku Singapore mu June 2018 zithunzi mbwee, koma ku Hanoi mu February 2019 anasiyana opanda kusaina kanthu chifukwa Kim ankafuna zilango zikuluzikulu zichoke posinthana ndi malo ake a zanyukiliya a Yongbyon okha, America nkuti sizokwanira. Chichokereni apo zokambirana zenizeni kulibe.

Mphunzitsi_Dowa:
Funso lachiwiri lija palibe wayankha. Pangano la NPT, loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya, limangolola mayiko asanu omwe anaphulitsa bomba chisanafike chaka cha 1967, America, Russia, Britain, France ndi China, ndipo ndi omwewonso ali ndi veto, ndiye mukuona nokha kuti woweruza mlandu ndi yemwenso ali ndi katundu wokanganirana. India ndi Pakistan anayesa awo mu 1998, panganolo sanasainepo, zilango zinakhala kanthawi kochepa nkutha. Israel sivomera sikana zoti ili ndi bomba. North Korea vuto lake ndiloti inasaina kenako nkutuluka mu 2003, komanso ma resolution amaitchula dzina kuti isayese mzinga uliwonse wa ballistic, wokankhidwa ndi roketi, nchifukwa chake olo ikanena kuti tikungoponya setilaiti amati yaphwanya lamulo poti roketi yake ndi yomweyo. Pamalamulo America ilibe mlandu. Pachilungamo ndi nkhani ina, paja asanu aja analonjeza m'pangano lomwelo kuti azikambirana zochotsa zida zawo, mpaka lero tikudikira.

Wakumpanda:
Ndiye palibe dziko lomwe linapanga bomba lokha nkulisiya?

Mphunzitsi_Dowa:
Lilipo limodzi, apa pa Joni pompa. Boma la tsankho linapanga mabomba 6 mwakachetechete, anawaphwasula, analowa NPT mu 1991 ndipo pulezidenti de Klerk anadzaulula mu 1993. Koma sikuti anagonja chifukwa chodzudzulidwa pa nkhani ya bomba, nkhondo ya ku Angola inali itatha, asilikali a Cuba akubwerera, Soviet Union ikugwa, mdani woti amuopseze panalibenso. Ena amatinso sankafuna kusiyira ANC zida zimenezo.

AnkoloBen:
Ndi pamene pali kusiyana ndi Kim. Iyeyo nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inangoimitsidwa, pangano la mtendere sanasainepo, asilikali a America akadali ku South Korea. Komanso pano wapeza bwenzi, Putin anapita ku Pyongyang mu June 2024 nkusainirana kuti wina akaukiridwa mnzake amuthandiza, asilikali a Kim mpaka anakamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Ukraine ku Kursk, dera la ku Russia. Russia yomweyo ivotere zilango zolanga amene akuipatsa zipolopolo? Iwalani aise.

Nachisale:
Ovutika ndi zilangozo ndi anthu wamba a ku North Korea, Kim mizinga akupangabe, tsopano mpaka ya Hwasong-18 yosafuna kuthira mafuta pa nthawi yoponya, yomwe ndi yovuta kuiona isananyamuke.